Mapu a ku Chigayo cha Mama Sheila

Lachiwiri limenelo ntchito zinali zondikwanira: kutunga madzi kumjigo mzere usanatalike, kuchapa yunifolomu ya Ipyana, mwana wanga wamkulu, kuyanika mpunga patenti, kukazinga mandasi okagulitsa kumsewu, kenako kupita kusikelo ndi wamng'onoyu. Ndinafika pa mandasi basi. Ndikuwaula omaliza, Mama Sheila analowa pabwalo ndi chikwama chawo cha mapepala, nakhala pamtondo osadikira mpando.

Mama Sheila ndi a ku Kyela, tsidya la Songwe. Chinkhonde amayankhula ngati ife, maliro akagwa kuno ku Iponga amabwera, koma papepala ndi mlendo wochokera ku Tanzania. Anabweretsa chigayo chopunthira mpunga, nachita lendi nyumba ya njerwa kuseri kwa mudzi wathu, nandilonjeza ntchito yoyeza matumba. Sukulu ndinalekera folomu 2, koma pa sikelo palibe amene angandipusitse.

Ena anawauza kuti angolembetsa bizinesiyo m'dzina langa, zithe msanga. Ndinakana ndine. Dzina ndili nalo limodzi, likakodwa pa msonkho ana anga adzadya chiyani? Iwonso anati bola choncho. Ndiye anayenda njira yaitali: kulembetsa kampani mpaka satifiketi kutuluka, kutenga nambala ya msonkho, kutsegula akaunti kubanki kuti zioneke kuti ndalama zachokera kunja, kalata ya apolisi akwawo yoti alibe mlandu, zithunzi, ndi pempho la chilolezo chokhala m'dziko muno ngati munthu wamalonda. Chinatsala chimodzi: woyendera wa ku khonsolo abwere adzaone nyumbayo ndi maso, asaine.

"Dada, abwera kawiri, akuti sakupapeza," anatero Mama Sheila, amene amandiitana kuti dada, ndiye kuti mchemwali m'Chiswahili. "Masiku a m'pasipoti mwanga akutha Lachisanu. Akapanda kubwera, chigayo ndikweza lole chibwerere ku Kyela. Mchimwene wanga ali ndi nyumba yopanda kanthu. Miyezi itatu chikungodya fumbi."

Chigayo chikawoloka, ntchito yanga yawolokanso.

"Osangoyimba foni bwanji?"

"Nambala yanga ndi ya kwathu. Akuti siikulowa."

Zoona. Kuno foni imagwira netiweki ya Tanzania ikafuna, ya Malawi ikafuna.

Ndinawapempha fotokope ya fomu imene anapereka ku khonsolo. Kumbuyo kwake kuli malo oti munthu ajambule mapu a pamene pali bizinesi. Mama Sheila anajambula bwino ndi rula, mizere yowongoka. Msewu waukulu, kenako "golosale yobiriwira, khotani kumanja", kenako "mtengo wa mango".

Ndinaseka mpaka mwana anadzuka kumsana.

"Mama, golosale ya a Zebedee ndi yobiriwira?"

Anaganiza pang'ono, nagwira pakamwa. Mwezi wathawu anabwera anthu a kampani ya mafoni, anaipenta yofiira ulere kuti alembepo malonda awo. A Zebedee sakana chaulere. Golosale yobiriwira yatsala imodzi, kutsogolo uko pafupi ndi boda, ndipo ukakhota pamenepo kumanja umathera m'madimba a mpunga, madzi m'maondo.

"Nanga mango? Iponga yense ndi mango, Mama. Mukanalemba kuti pali nkhuku."

"Usandiseke, iwe. Kwathu timalozerana ndi masitolo."

"Kuno masitolo amasintha malaya."

Ndinang'amba pepala lapakati m'kope la Ipyana. Ndinaika zinthu zimene munthu sangazipente: kamlatho ka simenti, mjigo, manda a kumanzere, chulu chachikulu pamene njira imagawikana. Ndinalembanso kuti kuchoka pamjigo ndi mapazi mazana atatu, chifukwa ndimawayenda tsiku lililonse ndi ndowa pamutu. Mama Sheila anasaina m'munsi, nalemba deti. Iwo anatsala kudikira wamagetsi, ine ndinabereka mwana ndi kukwera minibasi ya ku Karonga boma.

Ku ofesi ya khonsolo ndinapeza woyendera uja, a Msiska, bambo wa imvi m'mbali, nsapato zawo zili ndi matope ouma mpaka m'zingwe.

"Ndinu a ku chigayo chosaoneka chija?" anandifunsa. "Onani nsapato zanga. Kawiri, mayi. Ulendo wachiwiri njinga yamoto tinaikoka ndi alimi anayi."

"Pepani bambo. Mapu aja anajambula mlendo. Awa ndajambula mwini mudzi."

Anaika magalasi, nayendetsa chala papepala. "Manda kumanzere. Chulu. Mapazi mazana atatu. Mapazi a ndani?"

"Anga. Inu mwina mazana awiri ndi theka."

Mayi wina wa pa desiki yapafupi anaseka. A Msiska anapanikiza pepalalo pa fomu ndi sitepula, naona pa kalendala. Anati njinga ipezeka Lachinayi m'mawa, koma akasocheranso sadzabwera mwezi uno.

"Simusochera. Ndidzaima pakamlatho."

Lachinayi ndinaima pakamlatho kuyambira seveni, beseni la mandasi pambali kuti nthawi isapite pachabe. Anatulukira cha m'ma teni. Anandiona, koma sanafune kuti ndiwatsogolere. Anati akufuna ayese pepala. Ine ndinkatsatira pambuyo wapansi, ndikuwaona akuima pamjigo, akuyang'ana manda, akukhota pachulu. Ndinawapeza atafika kale, akugwirana chanza ndi Mama Sheila.

Anayendera paliponse. Anaona mawaya a magetsi, mazenera otulutsa fumbi, pamene tidzataya mankhusu. Kuchimbudzi anaima. Chinalibe chitseko, chinali ndi thumba lolendewera.

"Ichi sindisainira," anatero.

Mama Sheila anandiyang'ana. Ine ndinali nditaganiza kale za chitseko cha khitchini yanga. Mwamuna wanga anali ku dimba, ndiye ndinathamanga kwa a Zebedee kukabwereka hamala ndi kugula misomali. A Zebedee anabwera okha kudzakhoma, mwina chifukwa ndinawauza kuti penti wawo watidyera masabata awiri. A Msiska anakhala pamthunzi akudya mandasi. Chitseko chitakhomedwa anachitsegula, anachitseka, anasaina.

Lachisanu Mama Sheila anawoloka Songwe masiku awo asanathe, makiyi anasiyira ine. Anabwerera chilolezo chawo chitatuluka, ndipo chigayo chinalira koyamba mpunga watsopano utangoyamba kumwetedwa. Tsopano ndimayeza matumba kuyambira eyiti mpaka folo, mwana akugona pamphasa pafupi ndi sikelo.

Ndalama za ku maofesi akuluakulu anapereka ndi Mama Sheila, sanandiuze ndipo sindinafunse. Zanga ndi izi: minibasi kupita ndi kubwera K12,000, anandibwezera. Misomali K1,500. Mandasi asanu ndi limodzi amene anadya a Msiska, analipira okha. Mandasi a Lachiwiri osagulitsa, theka anadya ana. Kusikelo ndinapita mochedwa ndi sabata, anesi anandikalipira. Khitchini yanga inakhala milungu itatu yopanda chitseko, ndipo mbuzi za aneba zinandidyera ufa wokwana ndowa yaing'ono.