Loko pa Mpopi

Amake mapasa atafika ndi ndowa yachisanu, anapeza mpopi uli ndi loko. Alandilodi anali atakhala pa mpando pafupi pomwepo, kiyi ali m'khosi ngati mkanda.

"Kuyambira lero, khomo lililonse ndowa zinayi basi," anatero alandilodi. "Inu mumatunga zisanu ndi ziwiri pa tsiku. Kodi mukuweta mvuu m'nyumbamo?"

Anthu a lendi amene anali pa mzere anaseka, kuseka kwa anthu oopa kutulutsidwa m'nyumba. Amake mapasa sanaseke. Chimwalirire amuna awo anali atameza mawu ambiri pabwalo limeneli, koma tsikuli anakana kumezanso.

"Mayi, inu mumatunga zingati?"

"Zinayi. Lamulo ndayamba kulisunga ndine."

"M'nyumba mwanu muli inu ndi bambo, ndiye kuti aliyense ndowa ziwiri. Kwathu tilipo asanu ndi awiri, aliyense ndowa imodzi. Yosamba yomweyo, yochapira yomweyo, yakumwa yomweyo. Nanga mvuu ili khomo liti?"

Telala wa chipinda chakumapeto anatsokomola dala kuti abise chiseko.

"Ine ndimawerenga makomo, osati mitu," anakalipa alandilodi. "Ndinakutumani ndine kubereka?"

Mawu amenewa anawabaya amake mapasa pamtima. Anaika ndowa pansi n'kulowa m'nyumba, moti onse anayesa kuti agonja. Posakhalitsa anatuluka ndi ana onse asanu ndi mmodzi, kuyambira wamkulu wa yunifolomu mpaka mapasa a mamina m'mphuno. Anawandandalika patsogolo pa mpando uja.

"Amati wopha nyani sayang'ana nkhope, koma inu lero muyang'ana. Ndowa zinayi ndi za anthu anayi. Ine ndadzichotsa kale. Pa anawa lozani awiri amene asasambe, asamwe. Lozani ndi chala chanu, ine sindingathe."

Alandilodi anayang'ana kumpanda, kenako ku zikhadabo zawo. Mmodzi wa mapasa, posadziwa kanthu, anawamwetulira.

"Chotsani anawa apa."

"Sachoka, ndipo inenso sindichoka. Lozani."

Telala anabwera n'kuika ndowa yake kumbuyo kwa anawo. Mayi wa khomo lachiwiri anachitanso chimodzimodzi.

Alandilodi anavula kiyi m'khosi n'kumuponya pansi, poti kupereka m'manja kukanakhala kugonja kwambiri. Amake mapasa sanawerame.

"Loko mwakhoma nokha, mayi. Tsekulani nokha."