Kalata ya Phula Lofiira

Malungo atamugwira kwa masiku asanu ndi atatu, Estêvão Barradas, bwanamkubwa wa linga la Mina, analeka kukhulupirira kuti anali malungo. Anamangitsa wachiwiri wake, Rui Calado, n'kulamula kuti chingwe chomunyongera chikonzedwe. Dzuwa lili paliwombo anaitanitsa wansembe, Bambo Custódio.

"Bwerani nayo kalata ija, Abambo."

"Iti, bwana?"

"Musandipusitse. Ya phula lofiira."

Inali kalata ya mfumu yochokera kwawo ku Lisboa, yotchula wodzalowa m'malo mwa bwanamkubwa. Lamulo linali lakuti chidindo chake chimaswedwa pambali pa bokosi la maliro basi. Woitsegula bwanamkubwa akadali moyo ankayesedwa woukira mfumu.

"Simunafe, bwana. Mukutukwana bwinobwino."

"Calado akudziwa kuti dzina lake lilimo. Mwaona mmene amandifunsira kuti ndadzuka bwanji? Zaka makumi awiri ndamenyera mfumu nkhondo, m'mimba simunandiotchepo chonchi. Akundithirira, ameneyo."

"Aliyense muno amakufunsani zimenezo."

"Ndiye aliyense ndimuyang'anitsitsa."

Wansembe anakaitenga. Barradas anaswa phula, nawerenga. Anabwerezanso. Dzina silinali la Calado. Linali la Tomé Sardinha, msilikali amene anamuika m'manda m'linga momwemo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, kalatayo isanalembedwe n'komwe. Barradas mwiniyo analembera mfumu kawiri konse za imfayo.

Anayang'ana pazenera, kunyanja kumene zombo za kwawo zimatulukira. Makalata ake onse aja, opempha onga wa mfuti, opempha asilikali, opempha chilolezo chokaona minda yake ya mphesa asanafe, ndiye kuti palibe anawatsegula.

"Ndikamuuze Calado kuti wamasuka?" anafunsa wansembe.

Barradas anapinda kalatayo. Akam'masula lero, asilikali afunsa chimene chasintha. Akadziwa kuti ku Lisboa kulibe amene amawakumbukira, mizinga itembenukira m'kati mwa linga sabata isanathe.

"Chingwe chidikire, koma unyolo ukhale. Matani kalatayi monga mmene inalili."

Wansembe anaitola, nayamba kufewetsa phula. Barradas ankayang'ana manja akewo, osaphethira. Tsopano panali munthu mmodzi amene anamuona akuitsegula, amene akanatha kumupachikitsa.

"Abambo, mwaliona dzinalo?"

Bambo Custódio sanadzutse mutu.

"Maso anga anakalamba kalekale, bwana."