Kumene maganizo a Aliness ankapita

Lenia anali atatopa nayo nkhani ya mwana wakeyu. Chidwalireni malungo aakulu, okomoka nawo aja, Aliness sankawasowetsa chonena aphunzitsi ake. Ati thupi lili m'kalasi koma mtima uli kwina, ukamufunsa funso amangoti kakasi, maso ali pazenera, ndipo masiku ena amasowa dzuwa lili pamutu. Lenia anangovomereza kuti malungo anamuonongera mwana mutu. Nanga akanatani?

Atamva kutchalitchi kuti kwa Chiringa kwabwera anthu a kafukufuku oyeza ana amene anadwalapo malungo otere, anasiya khasu n'kunyamuka wapansi ndi mwanayo. Njinga panalibe. Mwamuna wake Eneya anaigulitsa kalekale chifukwa cha kubetcha mpira pafoni, mpira wake wa anthu akunja osadziwa n'komwe kuti padziko pali Phalombe. Mbuzi nazo zinalowera komweko. Koma Lenia sankafuna kuti ana adziwe, choncho ankawauza kuti njinga ili kokonzetsa, mbuzi anagwira fisi.

Woyezayo anali mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Margret, nayenso nkhope ili yolema. Anakhazika Aliness patebulo, Lenia pabenchi kumbuyo, n'kumupempha kuti asamuthandize mwana ngakhale ndi diso lomwe. Ntchito yake inali yosavuta. Pakompyuta pankabwera zithunzi za nyama, ndipo mwana ankayenera kugogoda tebulo pa nyama iliyonse kupatula galu. Pakati-kati Margret ankaimitsa zithunzi n'kufunsa chimene chinali m'mutu mwa mwanayo.

Poyamba zinayenda bwino, mpaka Lenia mtima unakhalako pansi. Kenako kadzanja kaja kanayamba kungogogoda chigogodere, galu yemwe osamuona. Margret anaimitsa zithunzi.

"Aliness, pompano umaganiza chiyani?"

"Palibe."

"Usaope iwe, pano palibe kukhoza kapena kulephera. Tandiuza."

Mwana anakanda tebulo ndi chikhadabo. "Ndimaganiza za nandolo."

Lenia anagwidwa ndi manyazi. Kuyenda mtunda wonsewu kuti mwana adzakambe za ndiwo pamaso pa alendo!

"Njala yakupweteka eti?" anafunsa Margret.

"Ayi. Thumba lija lili kuchipinda." Aliness sanacheuke kumbuyo. "Amayi akakhala pakhomo silingachoke. Akapita kuchigayo ine ndimathawa kusukulu, ndimakakhala pakhonde mpaka abwere. Ndiye lero tonse tili kuno. Ababa atsala okha, komanso lero kuli mpira."

Margret anaika cholembera pansi. Anayamba kufotokoza mofatsa kuti za malungo sanganene lero, pali zoyeza zina, koma Lenia sanamve chilichonse. Thumbalo ndi limene ankadalira kudzasinthitsa ndi chimanga nthawi ya njala. Komabe chimene chinamulasa mtima sichinali thumba. Iye ankati akubisa bwino, pamene mwana wa sitandade fili wakhala akulondera nyumba ya makolo ake, n'kumatchedwa mbuli m'kalasi.

Aliness anatsika pampando. "Amayi, tiyeni tizipita. Tikathamanga mwina tikalipeza."

Lenia anakhalabe pabenchi paja n'kumuyankha.

"Khala pansi, mwanangu, umalize zithunzizo. Nandoloyo musiye apite, si ntchito yako."

Aliness anabwerera pampando n'kuika dzanja patebulo monga anauzidwira, koma maso ake anali kuchitseko.