Matemba pa Mapanelo

Limbani anali atabisala kuseri kwa khola la mbuzi, pakhomo pake pomwe. Linali Lachitatu, nthawi ikuyandikira 10 koloko m'mawa. Masiku onse nthawi ngati imeneyi amakhala ali ku Likangala m'munda wa mpunga, koma tsikuli anangozungulira ndi khasu lake n'kubwerera. Amafuna kuona ndi maso ake chimene chimamudyera magetsi.

Kampani ina ya magetsi a dzuwa ya ku Blantyre inali itaphunzitsa anthu asanu ndi mmodzi a ku Zomba, koma malo a ntchito anali awiri okha. Aliyense anapatsidwa mapanelo awiri, batire ndi kafiliji kuti akalumikize kwawo, zigwire ntchito masabata awiri. M'bokosi la batirelo munali kachipangizo kotumiza uthenga ku ofesi, kunena magetsi amene alowa ola lililonse. Ponamizira panalibe.

Lolemba, woyang'anira ophunzirawo, bambo Makisoni, anaimba foni. Anati za anzake onse zikuyenda bwino, koma za Limbani zimakomoka tsiku lililonse kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko, nthawi imene dzuwa limaswa mtengo. Anati abwera Lachinayi kudzaona okha, ndipo akapeza kuti walumikiza molakwika, dzina lake lichoka pamndandanda.

Kuchokera pamenepo chakudya chinaleka kumutsika Limbani. Anamasula mawaya onse n'kuwamanganso, m'mawa ndi madzulo, koma cholakwika sanachipeze. Anali ndi mantha, ndipo mantha ake anali ndi chifukwa. Zaka zake zinali zitakwana makumi atatu ndi chimodzi. Nyanja ya Chilwa anali ataiona ikuphwa mpaka anthu kuyenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi. Munda umene amalima sunali wake, unali wa kuchikazi, poti iye pamudzipo anali mkamwini. Ku Blantyre anali ataona anyamata amene anayamba n'kunyamula makwerero akutsogolera magulu oika mapanelo m'mafakitale ndi m'masukulu. Khomo limenelo likatsekeka, sanadziwe kuti lina likatseguka liti.

Ali chibisalire, anaona apongozi ake, mayi Gerishomo, akutuluka m'khitchini atasenza dengu. Anayang'ana uku ndi uku, n'kulunjika pa mapanelo. Anayala chiguduli pamwamba pake mosamala, kenako anayamba kumwaza matemba aawisi amene anawagula kudoko la Kachulu m'mawa umenewo. Posakhalitsa mapanelo onse awiri anali atakwiririka.

Denga la nyumba ya Limbani linali la udzu, losatha kusenza cholemera, choncho mapanelowo anawamangira pa mitengo inayi, kutalika kolekeza m'chiuno. Tsopano ndi pamene anaona chimene wina aliyense wa kunyanja akanaona tsiku loyamba: anali atamanga thandala loyanikapo nsomba, labwino kuposa onse a pamudzipo.

Wolakwa anapezeka, koma khoswe anali atakhala pamkhate. Zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati wake, Limbani anali asanalankhulepo ndi apongozi akewo maso ndi maso. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Mawu onse amadzera mwa mkazi wake, Agnesi.

Anamupeza Agnesi kuseri kwa nyumba akupeta mpunga, n'kumufotokozera monong'ona. Agnesi sanadabwe, ndipo kusadabwa kwakeko kunamuopsa Limbani kuposa matemba aja. Mkaziyo anati thandala la mayi ake linagwa ndi chiswe, ndipo pa mapanelopo nsomba zimauma tsiku limodzi, nkhuku osafikapo. Anati mayiwo amachotsa zonse mkamwini asanabwere kumunda n'kupukutapo ndi kansalu konyowa, chifukwa cha ulemu.

"Ndiye iwe umadziwa, Agnesi? Ndikusala kudya masiku awiri, iwe uli phee?"

Agnesi anasiya kupeta. "Ndimadziwa, bambo a Dan. Atate anga anapita ku Limbe kukagwira ntchito ine ndili ndi zaka zinayi. Anati abwera mwezi ukatha. Mpaka lero mwezi umenewo sunathe."

Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo pamudzi umenewo anali atatererekapo ambiri. Limbani anamuuza kuti iye sangamusiye, koma anamva yekha kuti mawuwo ndi omwewo amene aliyense amanena asanakwere minibasi. Anamupempha kuti akangowauza mayiwo achotse nsomba, mawa kukubwera alendo. Agnesi anati akawauza madzulo, nsomba zikauma.

Madzulowo sanadikirike. Dzuwa lili paliwombo, njinga yamoto inamveka kuchokera kumsewu wa ku Kachulu, n'kudzaima pabwalo. Anali bambo Makisoni, munthu wamfupi, wa chipewa cha kampani. Anati anali ndi ntchito ina kwa Kuntumanji, ndiye aona kuti n'kutaya mafuta kubweranso mawa.

Limbani anayesa kuwalowetsa alendowo m'nyumba kuti ayambe aona batire, koma iwo anati magetsi amayambira padzuwa. Anazungulira nyumba, n'kuima. Ntchentche zinali ng'waa pamwamba pa matemba.

Bambo Makisoni sanaseke ndipo sanakalipe. Anatola themba limodzi, kulitembenuza, n'kulibwezera. Kenako anagwada, kuyang'ana mawaya mmodzimmodzi, kuwakoka, kuyeza ndi chipangizo chawo. Ananena kuti kulumikizako kunalibe vuto, mwinanso kumaposa kwa anzake. Mtima wa Limbani unayamba kubwerera m'malo, koma iwo anali asanamalize.

Anati ntchito imeneyi si mawaya okha. Kampani ikaika mapanelo pakhomo pa munthu, woikayo amayenera kuphunzitsa eni nyumba kasamalidwe kake, apo ayi mwezi usanathe anthu amayanikapo zovala, chinangwa ndi ufa, kenako n'kumalengeza kuti sola ndi yabodza. Anafunsa amene anayanika nsombazo. Limbani anayankha ndi mawu apansi kuti ndi mayi a pakhomopo.

"Aitaneni. Muwafotokozere inuyo, ine ndikumva. Mayeso anu atsala amenewa basi."

"Bwana, amenewo ndi apongozi anga. Mwina mayi a kunyumbawa angandinenere."

"Mwambowo ndikuudziwa, achimwene, nanenso ndinakwatira ku Phalombe. Koma ku Blantyre mudzatenga akazi anu pakhomo lililonse kuti azikulankhulirani? Ndikufuna ndimve pakamwa panu."

Agnesi anapita kukawaitana. Mayi Gerishomo anabwera pang'onopang'ono, n'kukhala pansi patali, atatembenukira kumbali, chitenje atachikokera kumaso. Amayi awiri oyandikana nawo anali atafika kale pampanda, poti njinga yamoto siima pakhomo anthu osadziwa.

Limbani ananjuta. Anaganiza zongoimirira n'kuuza bambo Makisoni kuti ntchitoyo apatse ena. Anaganizanso za chaka chimene nyanja inaphwa, mmene anadyera mphunga, njere za udzu wa kudambo, iye ndi Agnesi, mkaziyo ali ndi pakati. Anayang'ana mkazi wake, koma Agnesi maso anali pansi.

"Amayi," anatero Limbani. Mayiwo anadzidzimuka ngati awaponda. "Amayi, pepani, tandiyang'anani kuno. Galasi ili limadya dzuwa. Mukaliphimba, magetsi salowa, filiji imazima. Musadzayanikenso kanthu pamenepa."

Atayamba, anapitiriza, chifukwa kubwerera kunalibenso. Anafotokoza za kupukuta ndi madzi oyera, za mthunzi, za kuletsa ana kukwerapo. Anavomera kuti kulakwa kunali kwake, pomanga motsika komanso posanena kanthu tsiku loyamba. Mayi Gerishomo anatsitsa chitenje n'kumuyang'ana. Aka kanali koyamba Limbani kuona nkhope yawo pafupi, ndipo anaona kuti anali okalamba kuposa mmene amaganizira. Pampanda paja wina anatsokomola.

Mayiwo anadzuka, kutenga dengu, kukokolola matemba osauma aja, kupinda chiguduli, n'kulowa m'nyumba mwawo.

Bambo Makisoni anayang'ana pa foni yawo n'kumuonetsa Limbani manambala akukwera. Anamuuza kuti akweze mapanelowo, ndipo Lolemba akafike ku ofesi 8 koloko kukayamba miyezi itatu yoyeserera. Anamugwira chanza n'kuliza njinga yawo.

Limbani anaganiza kuti asangalala, koma mantha sanachoke. Anakhala pakhonde kudikira Agnesi, amene anali atatsatira mayi ake. Panapita nthawi yaitali. Atatuluka, maso ake anali ofiira, ndipo anakhala pansi pambali pa mwamuna wake.

Limbani anafunsa ngati akwiya kwambiri, ndiponso ngati nkhuku ingakwanire kupepesera. Agnesi anapukusa mutu. Anati mayi ake sanatukwane, sanalirenso, angomutuma mawu.

"Ati ntchito mwaipeza, akuthokoza Mulungu. Koma ati amene wawalangiza pamaso pa anthu wakula, sangakhalenso pamudzi pa eni ake. Munda wa ku Likangala aupereka kwa achimwene anga. Ati popita ku Blantyre mutitenge ine ndi Dan."

"Koma ndi miyezi itatu yoyeserera chabe, Agnesi. Akakandikana?"

"Ndawauza zimenezo," anatero Agnesi. "Ati ndiye mukalimbikire."