Chisoso cha ku Musgrave

Kenson anaima ndi fosholo m'manja, akuyang'ana kapinga amene wakhala akumusamalira chibwerereni ku Durban. Mayi Gomez, abwana ake a ku Musgrave, dera lina la mumzindawu, anali atalamula kuti azulidwe yense.

"Madzi akwera mtengo, Kenson, ndipo nyengo yasokonekera," anatero mayiwo. "Tiyala timiyala, tibzale zomera zosafuna kuthirira. Aliyense achitepo kanthu."

"Yebo, madamu."

Za kusokonekera kwa nyengo sanafunike kuuzidwa. Namondwe anali atagwetsa nyumba yake ku Phalombe, ndipo mkazi wake ndi ana ankagona m'khitchini mwa alamu ake, kudikira malata. Malatawo ankayenera kuchokera m'kapinga yemweyu: kutchetcha, kuthirira, kutchetchanso. Koma waganyu sakana. Anazula ntchito yake ndi manja ake, mwaukhondo ndithu, osasiyako ndi muzu womwe.

Miyala itayalidwa, ankati akasesa masamba basi ntchito yatha, dzuwa lisanakwere n'komwe. Mantha oti ganyu imuthera anamugwira. Tsiku lina akubwerera ku Isipingo, kumene ankachita lendi, anapeza njere za chisoso zitamatirira pathalauza. Anayamba kuzithothola, koma sanazitaye. M'mawa mwake anakakolola zina m'mbali mwa njanji mpaka thumba la malaya linadzaza.

Kwawo, wofesa tchire m'munda mwa mnzake amatchedwa mfiti, ndipo Kenson, munthu wa kwaya, ankadziwa bwino zimenezo. Anafesabe njerezo pakati pa miyala ya Mayi Gomez, manyazi akumudya. Tchire likamera lifuna wopalira, ndiye mmene anawerengera. Ndi mwini nyumba uti angalole pabwalo pake paoneke ngati pabwinja?

Chisoso sichichedwa. Mvula itangogwa chinamera, chinachita maluwa. Kenson anatulukira ndi khasu, nkhope ataipanga yodandaula, koma anapeza Mayi Gomez atagwada pamiyala, akujambula ndi foni.

"Usazule! Taona njuchizi," anatero akumwetulira. "Zonsezi zabwera zokha. Dimba likayamba kudzisamalira lokha chonchi, ndiye kuti tapambana."

Kenson anatsitsa khasu. Kuulula kunali kudzichotsa yekha ntchito.

"Ndakhala ndikufuna tikambirane," anapitiriza mayiwo, mawu atatsika. "Si bwino kuti uzivutika ulendo wonsewu kudzangokhala. Koma sindingakusiye chimanjamanja. Tenga makina otchetcherawa, ukayambe bizinesi yako."

Analankhula ndi mtima wabwino, ndipo chimenecho n'chimene chinamupweteka kwambiri. Analibe pokwiyira. Anathokoza, mpaka anawerama.

Anakankha makinawo kutsetsereka msewu, akusuzumira pageti iliyonse. "Eish," anang'ung'udza, poona kuti mabwalo ambiri anali atayalidwa kale miyala. Atafika pokwerera, woyendetsa thekisi anayang'ana makinawo, anamuyang'ana iye, anapukusa mutu n'kuliza galimoto, kumusiya pomwepo.