Mavu Amene Sankaluma Kalipentala

"Bala limeneli mumalisungira kuti libereke ana?" anakalipa nesi m'chipinda chotsukira mabala, mawu n'kumveka mpaka pakhonde.

Anthu a pabenchi anayang'anizana. Nesiyu anamutcha Mavu chifukwa aliyense wolowa mmenemo ankatuluka atalumidwa. Koma kalipentala, amene anali pamzere atagwirira chala chomwe sowo inamucheka, sanalumidwepo. Mavu ankamulankhula iyeyo monong'ona ngati ali pamaliro, ndipo chifukwa chake sankachidziwa.

"Inu ndiye amwayi," anatero mayi wina amene anakhala naye pafupi. "Ndaona kuti alipo angapo amene amawanyengerera. Kaya amawasankha bwanji?"

Kalipentala anayang'ana pansi. Anakumbukira telala wina ndi mtsikana wa ku saluni, amene ankakumana nawo polandirira ma ARV. Onsewo Mavu ankawanong'oneza. Mayiyu akanangoganiza pang'ono, akanaitulukira nkhani yonse.

Kalipentala atalowa, Mavu anatsitsa mawu. "Khalani apa, bambo anga. Pepani kwambiri."

"Anesi, safunsa anadya phula. Bandeji iyi ndainyowetsa, yadzaza utuchi, ndipo tsiku lomwe munandiuza ndinajomba. Bwanji simukundikalipira?"

Mavu anaima, thonje lili m'manja.

"Kumaphunziro anatiuza kuti anthu amene muli ndi kachilombo tizikugwirani ngati dzira. Akuti tikakukalipirani mumathawa n'kusiya mankhwala. Ine kufatsa sindinabadwe nako, ndiye ndimangochepetsa mawu."

"Mukachepetsa, benchi yonse imatchera khutu. Mayi wina panjapo wayamba kale kudabwa kuti amene simuwaluma ndi otani."

Mavu anakoka mpando n'kukhala, akumuyang'anitsitsa ngati akumuona koyamba.

"Ndiye kuti ulemu wangawu ukukuululani?"

"Ukundiulula, anesi."

"Koma ndiuzeni zoona. Nditakukalipirani, simungakhumudwe?"

"Wakutsina khutu ndi mnansi. Kunyumba mayi a ana amandikalipira m'mawa ndi madzulo, koma mankhwala sindinasiyepo."

"Nanga anzanu aja? Nawonso akufuna zomwezo?"

"Amenewo muwafunse eni ake. Telala uja mwina akhoza kulira."

Mavu anaseka mpaka kudzigwira pakamwa. "Zaka zonsezi palibe amene ndinamufunsapo," anatero. "Ndiyamba ndi telala yemweyo."

Anavala magolovesi n'kumatula bandeji. Ataona mafinya, nkhope inachita makwinya, ndipo ulendo uno sanadziletse.

"Bambo wamkulu ngati inu, bandeji kuisandutsa chopukutira matabwa! Mukufuna chala chimenechi tichidule? Misomali muzikagwira ndi mano?"

Pakhonde panamveka kuseka.

Mankhwala otsukira bala anamuwawa mpaka misozi inalengeza, koma kalipentala sanabweze dzanja. Chiyambireni kumwa ma ARV, aka kanali koyamba kuti wachipatala amuone ngati munthu wosasamala chala chake, basi.