Sizasi pa Ntchafu za Ng'ombe

Jubal Tackett ankapukuta mafuta m'ndevu ndi nsalu ya patebulo pamene ananena chomwe anabwerera. Mng'ono wake Orrin anali atagona m'manda masiku awiri okha, miyala yotchinga mimbulu isanakhazikike n'komwe.

"Mlamu, tisachite zachibwana," anatero kwa Adaline, mkazi wa malemuyo. "Inu ndi Orrin munapezana m'nyuzipepala. Iye ankafuna wophika, inu munkafuna denga. Nanenso ndikufuna wophika. Abusa abwera Lamlungu kudzatikwatitsa."

Anawonjezera kuti ng'ombe zonse n'za banja la a Tackett, ndipo Adaline akakana ukwatiwo, ngolo yopita kusiteshoni ya sitima ilipo. Zonsezi ankanena uku akutokosa m'mano ndi mpeni. Munthu wouma m'maso chotere anali asanaonekepo m'dera lonse la Wyoming. Adaline anakankhira mbale yake kutali.

Chomuwawa n'chakuti mlamu wakeyo sankanama. Zaka zisanu ndi chimodzi Orrin ankagona chipinda china, mawu ake patsiku osakwana khumi, ndipo kubusa sanamutengeko ngakhale kamodzi. Adaline analibe mwana, analibenso kwawo kobwerera.

M'mawa mwake Jubal anakwera hatchi kukawerenga chuma chake. Anabwerako masana maso ali psuu. Kuno ng'ombe ndi ya mwini chidindo chomwe chawotchedwa pantchafu pake, ngakhale woweruza satsutsa. Koma za chidindo cha a Tackett anapeza nkhalamba zinayi zokha. Zina zonse, anatero akulavulira pakhonde, zinali ndi kachinthu kooneka ngati sizasi.

Adaline analowa m'khola la mahatchi, nafufuza kuseri kwa zishalo. Chitsulo chodindira ng'ombe, chooneka ngati sizasi, chinali pamenepo, chokulungidwa m'thumba, chosula Orrin yekha, mbali imodzi yokhota. M'kalata yake yoyamba Adaline analembera Orrin kuti ndi wosoka zovala, ndipo sizasi ndiye chuma chake chonse padziko.

M'thumbamo munalinso pepala la kuboma, lonena mwini chidindocho.

"Alamu," anatero Adaline ali pakhomo la khola, "ng'ombe zanu zinayi zija muzitenge lero lomwe."

Jubal atachoka akutukwana, Adaline anakhala pansi pa udzu, chitsulo chili pamiyendo, n'kuwerenganso pepalalo. Linali m'dzina lake la kuutsikana, Adaline Pruitt. Orrin anakalembetsa kutatsala milungu itatu kuti sitima imufikitse, asanamuone n'komwe nkhope.